KAPHIKIDWE KA NYAMA YA NG'OMBE NDI BATALA WA ADYO

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi.

Masiku ena onse timakambirana za m'munda ndi za m'khola, koma lero ndifuna tilowe kukhitchini. Mwina ena mudzati, "Ha! Kodi mlangizi wasanduka khukhi?" Iyayi. Koma taganizani: munthu uweta ng'ombe zaka 5 kapena 6, uvutika nayo dzuwa ndi mvula, ndipo tsiku limene nyama yake yafika pakhomo ingolimba ngati chikopa, ana alephera kutafuna, agogo angonyambita msuzi. Pena nyama yomweyo idwalitsa banja lonse. Kodi phindu la kuweta lili pati pamenepo?

Pali kaphikidwe kena kamene kanachokera ku maiko a Azungu, kamene m'mahotela amakatcha steak. Amadula nyama yopanda fupa mophanthalala, naikazinga msanga pa chiwaya chotentha kwambiri, ndipo potsiriza amathirapo batala wosakaniza ndi adyo. M'tauni mbale imodzi ya nyama yotere imagulidwa ndalama zambiri. Komatu zinthu zake zonse zitatu, nyama, batala ndi adyo, zimachokera kwa ife alimi. Tsono palibe chotiletsa kuphika chomwecho kwathu pa mbaula pakabwera mlendo kapena pa tsiku la Khirisimasi.

Poyamba tinene za nyama imene iyenera kudyedwa, pakuti apa ndi pamene pagona moyo. Musadye nyama ya ng'ombe yofa yokha. Ng'ombe ikafa mwadzidzidzi, natuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, musaisende, musaitumbule, ngakhale kuikhudza ndi manja. Mwina yafa ndi nthenda yoopsa yotchedwa anthrax. Nthendayi imagwira munthu posenda chikopa, ponyamula nyama ndi poidya, ndipo tizilombo take timakhala m'nthaka zaka makumi ambiri tisanafe. M'chaka cha 2011 anthu oposa 500 anadwala m'boma la Chama ku Zambia atasenda ndi kudya mvuu zofa ndi nthendayi, ena namwalira. M'chaka cha 2018 nthenda yomweyi inapha mvuu zambiri mu mtsinje wa Shire ku Liwonde. Kotero si nthenda yakutali ayi. Inu mafumu, mukamva kuti ng'ombe yafa chotero m'mudzi mwanu, letsani anthu kugawana nyama, ndipo tumizani mthenga kwa mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Mwini ng'ombe adzadandaula ndithu, koma kutaya ng'ombe imodzi kuposa kukumba manda atatu.

Ngakhale ng'ombe yooneka yamoyo bwino iyenera kupimidwa ndi a ziweto isanaphedwe ndiponso itaphedwa. Pogula ku butchala funsani ngati nyamayo yapimidwa. Musachite manyazi, pakuti safunsa anadya phula. Podula nyama yang'anani bwino. Mukaona timatuza toyera, tating'ono ngati njere za mpunga, m'kati mwa mnofu, dziwani kuti imeneyo ndi mbewu ya njoka ya m'mimba yophanthalala, imene imakula m'matumbo a munthu mpaka mamita 5 kapena kupitirira. Njoka imeneyi njira yake ndi yozungulira. Munthu amene ali nayo akapita kuthengo, mazira ake atsala pa udzu. Ng'ombe idya udzuwo. Timatuza timera m'nyama yake. Munthu wina adya nyamayo yosapsa bwino, nagwidwa nayenso. Mwaonatu, mafumu, kuti mudzi wopanda zimbudzi uwononga ng'ombe zake zomwe.

Chachiwiri, si nyama yonse ya ng'ombe imene iyenera kukazingidwa chotere. Mnofu umene unagwira ntchito kwambiri ng'ombe ili moyo ndiwo umalimba. Nyama ya m'miyendo, ya m'khosi ndi ya pachifuwa ili ndi mitsempha yambiri; imeneyo iphikeni mumphika ndi madzi pa moto wochepa maola 2 kapena 3, monga amayi adziwa kale. Yokazinga msanga ndi ya mumsana, mbali zonse ziwiri za fupa la msana kuyambira m'nthiti mpaka m'chiuno, ndi ina yaitali yofewa koposa yonse imene imagona m'kati, kunsi kwa fupa lomwelo pafupi ndi impso. Ya pamwamba pa thako nayonso ichita bwino.

Msinkhu wa ng'ombe nawo uli ndi kanthu. Ng'ombe zathu zamalinunda zimayenda mitunda yaitali kufuna msipu ndi madzi, ndipo kawirikawiri timazipha zitakalamba kapena zitatopa ndi ngolo. Ya mfule wa zaka 3 kapena 4, wodyetsedwa m'khola miyezi ingapo ndi mapesi, masamba a mtedza ndi madeya, imafewa ndi kunona kuposa ya nkhunzi yokalamba, ndipo ndiyo imene ogula amalipira bwino.

Dulani nyamayo mopingasa, osati motsata ulusi wa mnofu, ndipo kuchindikala kwake kukhale ngati chala chachikulu, ndiye kuti masentimita 2. M'mabutchala aakulu amapachika nyama m'chipinda chozizira sabata imodzi kapena ziwiri kuti ifewe. Ife kumudzi tilibe chipinda chotero, ndipo nyama yaiwisi siyenera kugonera m'nyengo yotentha. Koma tili ndi mtengo wa papaya. Tengani masamba ake aawisi, atsukeni, afikiseni m'manja kuti utomoni utuluke, ndipo kulungani nyama m'menemo ola limodzi kapena awiri pamalo pozizira posafika ntchentche. Utomoni wa papaya umafewetsa mnofu. Musapitirize nthawi, chifukwa nyama idzawawa ndi kuphwanyika ngati phala. Ngati papaya palibe, imenyeni pang'ono ndi munsi waung'ono pa thabwa loyera.

Chachitatu ndi adyo. Alimi a ku Ntcheu ndi Dedza amalima adyo wambiri, ndipo amene munaima pa msika wa Lizulu munamuona. Adyo amakonda nyengo yozizira, kotero m'dimba bzalani mu Epulo kapena Meyi mvula ikamatha. Nthaka ikhale yotayirira, yosadikha madzi, yothira manyowa owolerana bwino. Gawani mutu wa adyo, sankhani timagawo tonenepa, ndipo bzalani kosongoka kuli m'mwamba, masentimita 10 kuchokera pa phando kufika pa linzake ndi masentimita 30 pakati pa mizere. Thirirani ndi kupalira kawirikawiri, pakuti adyo sapirira udzu. Patapita miyezi 5 kapena 6 masamba adzayamba kuuma. Lekani kuthirira, zulani, ndipo yanikani pamthunzi popita mphepo masabata awiri kapena atatu. Bedi limodzi likwanira banja chaka chonse, otsala mugulitse.

Chachinayi ndi batala. Amene muli ndi ng'ombe zamkaka mungathe kupanga nokha. Yambani mwawiritsa mkaka, chifukwa mkaka wosawiritsa umafalitsa chifuwa chachikulu ndi nthenda ina imene imachititsa ng'ombe kutaya bere. Ukazizira, uikeni m'beseni loyera lovundikira usiku wonse pamalo pozizira. M'mawa mudzapeza mafuta atayandama pamwamba. Wengulani mafutawo ndi supuni, athireni m'botolo la kukamwa kwakukulu kapena m'chipanda choyera, tsekani, ndipo khutchumulani osaleka kufikira mafuta ataundana nalekana ndi madzi ake. Tsukani chibulumacho ndi madzi ozizira owiritsa kale, finyani, thirani mchere pang'ono. Kilogalamu imodzi ya batala imafuna mkaka malita ngati 20, koma inu simufuna wochuluka chotero. Masupuni awiri akwanira nthuli ziwiri. Mkaka wotsala musataye, apatseni ana. Amene mulibe ng'ombe zamkaka, batala wa m'sitolo kapena majarini achita ntchito yomweyo, kungoti majarini sanunkhira ngati batala.

Sendani timagawo ta adyo 3 kapena 4, sinjani mu kamtondo, ndipo sakanizani ndi masupuni awiri a batala. Wofuna aonjeze tsabola pang'ono. Konzani wongokwanira tsiku lomwelo. Adyo wamuwisi wosungidwa m'mafuta masiku angapo pamalo potentha angathe kumeretsa chiphe choopsa chimene sichimveka fungo, kotero musasunge wotsala.

Tsono tafika pa moto. Mvetsetsani bwino, pakuti ambiri amalakwa pano.

Kolezani makala pa mbaula mpaka onse afiire ndi kuleka utsi. Ikani chiwaya chachitsulo chochindikala, chitenthe ndithu. Mukadonthezapo madzi ndipo alira nauma nthawi yomweyo, chakonzeka. Pukutani nyama ndi kansalu koyera kuti iume, ndipo iwazeni mchere mbali zonse. Nyama yonyowa sikazingika, imangowira m'madzi ake omwe niilimba.

Thirani supuni imodzi ya mafuta ophikira a mtedza kapena a mpendadzuwa. Musayambe ndi batala, chifukwa batala amapserera msanga pa moto waukulu nayamba kuwawa. Goneketsani nthuli ziwiri zokha, zotalikirana. Mukadzaza chiwaya chidzazizira. Zisiyeni mphindi 3 kapena 4 osazigwedeza, osazibaya ndi foloko, osazipsinja. Pansi pakafiira bwino ngati chikonga cha nsima chosapserera, tembenuzani, ndipo dikiraninso mphindi 3 kapena 4. Chikonga chimenecho ndicho chimapatsa nyama fungo ndi kukoma kwake.

Kenaka chepetsani moto. Pa mbaula chotsani makala ena, kapena kwezani chiwaya pa timiyala. Ponyanimo batala wa adyo uja. Akasungunuka nayamba thovu, pendeketsani chiwaya ndi kumatunga batalayo ndi supuni, kuthira pamwamba pa nyama mobwerezabwereza mphindi imodzi kapena ziwiri. Yang'anirani adyo: akhale wofiirira pang'ono, asade, pakuti adyo wopserera awononga ndiwo yonse.

Azungu ambiri amakonda nyama yotere ili yofiira m'kati. Ine sindikulangizani chomwecho. Timatuza ta njoka ya m'mimba tija timabisala m'kati mwa mnofu, ndipo ngakhale wopima nyama sangatione tonse. Chimene chimatipha ndi moto ukafika pakati penipeni. Amene ali ndi kachipangizo kopimira kutentha aonetsetse kuti pakati pafika madigiri 63 kapena kupitirira. Enafe chekani pang'ono pakati pa nthuli. Ngati muli mnofu wofiira wauwisi, bwezerani pa moto wochepa mpaka kufiirako kuthe. Makamaka ya ana, ya amayi oyembekezera ndi ya odwala ipse ndithu.

Mukaphula, musadule msanga. Ikani m'mbale yoyera, osati imene munaikamo nyama yaiwisi, vundikirani, ndipo dikirani mphindi 5. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukadula ili yotentha kwambiri, msuzi wake wonse uthawira m'mbale ndipo nyama itsala youma. Mpeni ndi thabwa zimene munadulira yaiwisi zitsukeni ndi sopo musanadulire yakupsa. Dulani mopingasa timizere topyapyala, thirani pamwamba batala wotsala m'chiwaya, finyiranipo ndimu ngati alipo. Popeza nsima imafuna msuzi, kazingani tomato ndi anyezi m'chiwaya chomwecho musanachitsuke, onjezani madzi pang'ono, ndipo mudzapeza msuzi wokoma. Nyamayi imayeneranso ndi mbatata, chinangwa kapena mpunga, pamodzi ndi ndiwo zamasamba.

Mawu amodzi kwa inu abambo anzanga. M'makomo ambiri nthuli yabwino imapita kumphala kapena m'mbale ya bambo, ana natsala ndi fupa ndi msuzi. Koma amene afunitsitsa nyama ndi mwana amene ali kukula ndi mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, chifukwa nyama imamanga thupi ndi kuonjezera magazi. Ubwino wa kaphikidwe kano ndi wakuti nyama ikadulidwa timizere topyapyala imagawika bwino, ndipo ngakhale mwana wamng'ono ndi agogo opanda mano angathe kuitafuna. Theka la kilogalamu likwanira banja la anthu 5 kapena 6 ngati wogawa ali ndi chilungamo.

Tsono mafumu, ndikusiyirani ntchito zitatu. Ng'ombe yofa yokha isadyedwe m'mudzi mwanu. Ng'ombe yophedwa pa ukwati, pa maliro kapena yogulitsa ipimidwe ndi a ziweto. Nyumba iliyonse ikhale ndi chimbudzi. Ndipo inu achikumbe, Epulo akafika konzani bedi limodzi la adyo m'dimba mwanu. Amene muli ndi mafunso kaonaneni ndi mlangizi wa kwanuko.