Mabuku Amene Agona M'mabokosi Mwathu

 Pa chikondwerero chino komiti inatipatsa mutu wa kasamalidwe ka nyumba. Mutuwu ndi waukulu, tsono ife tatolapo kanthu kamodzi kokha, ndiko mabuku amene tikusunga m'nyumba zathu.

Mwina wina afunsa kuti, kodi ife akumudzi tili ndi mabuku angati? Amai, kasuzumireni kunsi kwa bedi. Kuno kwathu sukulu inafika kale. Dotolo Robert Laws anasamutsa mishoni kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe m'chaka cha 1881, ndipo makolo athu anathamangira kuphunzira. Atadziŵa kulemba ndi kuŵerenga, amuna ambiri anapita kukagwira ntchito ku Bulawayo, ku Johannesburg ndi kwina kutali. Clements Kadalie wa ku Chifira kuno anakafika ku Cape Town, nayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito m'chaka cha 1919. Amene ankabwerako ankadza ndi bokosi lachitsulo, m'katimo muli suti, bulangete ndi mabuku. Sutiyo inatha, bulangete linang'ambika, koma mabuku aja akali momwemo. Pamwamba pake tinaonjezapo mabuku a ana athu a ku pulaimale ndi ku sekondale, makope odzaza, timabuku ta misonkhano, kenaka tinakhoma loko.

Tidziŵa tonse nyengo ya kunyanja kuno. Mvula imagwa yambiri ndipo imachedwa kuleka. Chinyontho chikaloŵa m'bokosi, mapepala amamatana ndi kuchita nkhungu. Mphemvu zimaikira mazira m'menemo, makoswe amangamo zisa, ndipo bokosi likakhala lamatabwa chiswe chimaloŵera pansi mwakachetechete. Mwini wake ali phee, akuti ndasunga. Tsiku lotsekula apeza dothi lokhalokha.

Chinanso tachiona pa maliro. Mwini bokosi akatisiya, abale amagaŵana mipando, njinga ndi maukonde, koma mabuku palibe amawafunsa. Mapeto ake timawapeza pa msika, atakulungira usipa ndi zitumbuwa. Mtima umapweteka kuona tsamba la buku la nyimbo lili nonono ndi mafuta.

Ana athu amene amaŵerenga za kunja amatiuza kuti kumaiko olemera kuli anthu amene atopa ndi katundu, ndipo asankha kukhala ndi zinthu zochepa. Mai wina wa ku Japan, Marie Kondo, analemba buku m'chaka cha 2011 lophunzitsa anthu kuchotsa m'nyumba zinthu zimene sizikuwakondweretsa, ndipo anatchuka nalo kwambiri. Nzeruyo ndi yabwino, koma tisaitenge yonse. Iwo amataya chifukwa zawachulukira. Ife kuno buku ndi losoŵa. Pa sukulu zathu zambiri ana angapo amaunjikana pa buku limodzi, makamaka chiyambire 1994 pamene sukulu ya pulaimale inakhala yaulere ndipo ana anachuluka. Choncho ife sitikunena zotaya. Tikunena zotulutsa buku m'ndende kuti likagwire ntchito. Mukaŵerenge fanizo la matalente pa Mateyu 25, muone za kapolo amene anakwirira ndalama ya mbuye wake.

Nanga tiyambe bwanji? Sankhani tsiku ladzuŵa, muyale mphasa pabwalo, mukhuthule bokosi lonse. Musatulutse pang'onopang'ono, chifukwa mukatero mudzabwezamo zonse. Kenaka gwirani buku limodzilimodzi, mudzifunse kuti: kodi m'nyumba muno alipo amene adzaliŵerenge chaka chino?

Alipo mabuku osayenera kuchoka pakhomo. Loyamba ndi Baibulo limene mumaŵerenga, kaya ndi la Chitonga, la Chitumbuka, kapena Buku Lopatulika limene linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922. Pamodzi nalo buku la nyimbo ndi katekisimu. Ameneŵa malo ao si m'bokosi ai, koma pa shelefu kapena pa tebulo, pamene dzanja lifika msanga. Tsono pali Mabaibulo akale a agogo, othothoka chikuto, amene kutsamba loyamba analembako maina a ana, masiku obadwa, a ubatizo ndi a ukwati. Amai, limenelo musalipereke kwa munthu, ngakhale litang'ambika chotani. M'mabanja ambiri mbiri yonse ya mtundu ili pa tsamba limenelo basi. Likulungeni m'nsalu youma, muziliyanika kamodzikamodzi, ndipo muuze mwana wanu mmodzi wodalirika kuti akopere mainawo m'kope latsopano. Muchite chimodzimodzi ndi makalata a ubatizo, mapepala a malo, ndi makalata amene amuna ankalemba ali kunja. Yang'anani bwino pakati pa masamba musanapereke buku lililonse, pakuti amai akale ankabisamo zithunzi ndi mapepala ofunika.

Otsalawo ndiwo ambiri, ndipo apa mpamene mtima umalimba. Mwana anatsiriza Fomu 4 kalekale, ali pa ntchito ku Mzuzu, koma dikishonale yake ndi buku lake la masamu tikusungabe, pamene mwana wamasiye wa nyumba yoyandikana nafe akulemba mayeso wopanda buku. Tikusungiranji? Ena amati ndi chikumbutso. Chikumbutso chimodzi chikwanira, sichifunika bokosi lonse. Mabuku a nthano monga Nthondo la Samuel Ntara, kapena Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, adzukulu athu ambiri sanawaonepo ndi maso. Mabuku Achingerezi a abambo amene ife sitiwamva, tiwaonetse kwa aphunzitsi, iwo atiuze amene angathandize ana ndi amene nthaŵi yao inapita.

Pa nkhani ya abamboyi tichenjezane. Buku la amuna anu si lanu. Musadikire kuti apite kunyanja ndiye inu mutulutse mabuku ao, mungadzetse mlandu umene akulu a mpingo adzavutika nao. Khalani nao pansi atadya kondowole wao, muwapemphe bwino, asankhe okha. Akakana lero, mudzawafunsenso mwezi wamaŵa.

Amene aoleratu, osaŵerengeka konse, atenthedwe kuseri kwa nyumba, kuti asapatsire chiswe ndi nkhungu kwa anzao abwino.

Komiti yagwirizana kuti pa msonkhano wathu woyamba wa mwezi wamaŵa mai aliyense abwere ndi mabuku amene wapatula. Tidzawalemba m'kaundula, dzina la buku ndi dzina la wopereka. A sukulu tidzawapereka kwa aphunzitsi aakulu a sukulu zotizungulira. Achikhristu ndi a nthano adzakhala m'kabati ku vesitile, ndipo wobwereka azisunga milungu iŵiri. Tikupempha abambo amene ali ndi luso la ukalipentala kuti atikhomere kabatiyo, ya miyendo yaitali, yosagunda khoma. Amai aŵiri odzasunga kiyi tidzasankha tsiku lomwelo.