Khansa ya khomo la chiberekero: imayamba bwanji m'thupi?

Lero tikamba za khansa, imene pa Chipwitikizi amati cancro, makamaka ya khomo la chiberekero. Mwa khansa zonse, iyi ndi imene imagwira amayi ambiri muno m'Mozambique.

Tiyambe ndi thupi lenilenilo. Nyumba timamanga ndi njerwa. Thupi nalo linamangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Khungu ndi maselo, magazi ali ndi maselo, chiberekero ndi maselo. Kusiyana kwake ndi njerwa n'kwakuti maselo ndi amoyo. Selo imodzi imagawanika kukhala awiri, awiriwo n'kukhala anayi. Umu ndi mmene mwana amakulira, ndiponso mmene bala la khasu limapolera. Bala likatsekeka, maselo amasiya kuchulukana. Okalamba amafa, atsopano n'kulowa m'malo.

Nanga amawauza ndani kuti apa gawanikani, apa lekani? M'kati mwa selo muli malangizo amene tinatengera kwa mayi ndi bambo athu, theka uku theka uku. Achipatala amati majini. Musadzidzimuke, si majini aja a mizimu yoipa ayi, mawuwa angofanana. Awa ndi amene amachititsa kuti mwana atenge mphuno ya bambo ake. Ena mwa malangizowa amati "chulukanani", ena amati "basi, imani", ena ntchito yawo ndi kukonza zolakwika.

Nthawi iliyonse selo ikamagawanika, imakopera malangizo onsewo, ngati mwana wa sukulu akukopera za pa bolodi. Pena amalakwitsa chilembo. Zolakwika zambiri thupi limazikonza, kapena selo yolakwikayo imafa yokha. Koma zikaunjikana kwa zaka, makamaka pa malangizo aja oti "imani", selo imasiya kumvera. Imangogawanika osalekeza, n'kupanga chotupa. Kenako imalowerera m'minofu yoyandikana nayo, ina n'kuyenda m'magazi kukamera kwina, monga amachitira namsongole pansi pa nthaka. Imeneyo ndiye khansa. Si chinthu chimene munthu wakuponyerani usiku. Ndi maselo anuanu amene asokonekera. N'chifukwa chake simungaitenge podyera mbale imodzi ndi wodwala kapena pomuchapira zovala.

Ena amafunsa kuti, kodi ndi ya kumtundu? Khansa zochepa zokha, pafupifupi 5 mpaka 10 pa 100 zilizonse, ndi zimene zimayenda m'banja, monga zina za m'mawere. Zambiri zimabwera chifukwa malangizo aja aonongeka munthu ali kale moyo. Utsi wa fodya umawaononga. Chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimaononga maselo a chiwindi.

Pa khomo la chiberekero, choononga chachikulu ndi kachilombo kotchedwa HPV. Musakasokoneze ndi HIV, ndi tizilombo tiwiri tosiyana. HPV imafala pogonana, ndipo ndi yofala kwambiri moti anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, amaitenga nthawi ina pa moyo wawo osadziwa. Choncho mayi akapezeka nayo, abambo musathamangire kumunena kuti ndi woyendayenda. Mwina munabwera nayo ndinu, mwinanso inalowa kale musanakwatirane. Kwa anthu ambiri, thupi limaichotsa lokha pasanathe zaka ziwiri. Kwa ena imakhalirira, n'kulowa m'maselo a pa khomo paja ndi kutseka pakamwa malangizo oti "imani". Mitundu ya HPV ilipo yambiri, koma iwiri, nambala 16 ndi 18, ndi imene imayambitsa pafupifupi khansa 7 mwa 10 za pa khomo la chiberekero.

Tsono apa mvetserani bwino. Kuchokera pamene kachilomboka kakhazikika kufika pa khansa yeniyeni, pamatha zaka 15 mpaka 20. Kwa mayi amene chitetezo chake chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, zimatha kungotenga zaka 5 mpaka 10. Zaka zonsezo mayi samva kupweteka kulikonse. Akulima mbatata yake, akubereka, akupita ku msika. Koma maselo osokonekera aja amakhala akadali pamwamba penipeni, asanazike mizu, ndipo anamwino angathe kuwaona n'kuwachotsa.

Kuyeza kwake kumachitikira ku chipinda cha amayi ndi ana, kumene mumapita ku sikelo ndi kukatenga njira zolera. A enfermeira amakugonekani, amalowetsa kachipangizo kotsegulira njira, n'kupaka viniga pa khomo la chiberekero. Pakatha mphindi imodzi, malo amene maselo asintha amayera. Sabaya, sang'amba. Manyazi alipo, ndikudziwa, koma ndi a mphindi zochepa. Akapeza poyera, amaumitsa malowo ndi mpweya wozizira kwambiri kapena kuwatenthetsa pang'ono, maselo oipawo n'kufa. Chiberekero chimatsala, ndipo mungathe kuberekanso. Mukatero mudzaona madzi akutuluka kwa masabata angapo, ndipo mudzauzidwa kuti musagone ndi abambo kwa mwezi wathunthu. Abambo, mwezi umenewo pirirani, bala lipole. Ngati malowo ndi aakulu, amakutumizani ku chipatala chachikulu, monga cha ku Tete.

Mayi aliyense amene wakwanitsa zaka 30 akayezetse ngakhale akumva bwino. Amene muli ndi HIV yambani pa zaka 25, chifukwa kwa inu chiopsezo n'chochuluka kasanu ndi kamodzi, ndipo musadumphitse ma ARV. Koma ngati mukutaya magazi mukatha kugonana, kapena pakati pa mwezi, kapena munasiya kale kusamba ndiye magazi ayambanso, kapena mukutuluka chikazi chonunkha chosamva mankhwala, musadikire zaka. Pitani sabata ino. Si nthawi zonse pamene zimenezi zimakhala khansa, koma wodziwa ndi amene wayang'ana. Kuika zitsamba kumusiko kumangochedwetsa.

Kwa ana athu aakazi kuli katemera. Kuyambira mu 2021, boma limapereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, mwaulere. Amapereka ali aang'ono kuti thupi likonzeke asanakumane ndi kachilomboka. Zoti amatseka mimba ndi bodza. Katemerayu sachiza munthu amene ali kale ndi HPV, n'chifukwa chake amayi akuluakulu njira yanu ndi kuyezetsa.

Kaya mumapita ku Ulónguè, ku Tsangano, ku Furancungo, kapena mumaolokera ku Dedza, funsani tsiku limene amayeza, ndipo tengani khadi lanu kuti alembemo tsiku lobwerera. Amene simukudziwa poyambira, funsani activista kapena APE wa m'mudzi mwanu, akuperekezani.