Mawu a mlendo wolemekezeka potsekera maphunziro a ogwira ntchito ya radiotherapy



Ntchito imene mwaphunzira, anthu kumudzi amangoti kuwotcha khansa. Masiku ambiri mudzalunjika cheza pa chotupa chimodzi n'kuteteza thupi lonse lotsala. Koma pali chithandizo china chimene cheza chimafika paliponse, kuyambira kumutu mpaka kuzala za kumapazi. Amachitcha TBI, ndipo chimaperekedwa kwa wodwala khansa ya m'magazi amene akukonzekera kulandira maselo atsopano opanga magazi.

Mlimi sadzala mbewu m'munda wosasosa. Chimodzimodzinso, maselo atsopano asanabwere, chezacho chimapha maselo a khansa amene abisala m'mafuta a m'mafupa ndi m'malo monga ubongo, kumene mankhwala ambiri safika bwino. Chimafooketsanso chitetezo cha m'thupi kuti chisakane maselo ochokera kwa munthu wina. Njira imeneyi anailimbikira Dr E. Donnall Thomas wa ku America kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1990 analandira mphoto ya Nobel.

Mlingo wofala ndi ma gray 12, ogawidwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, n'kusiya maola osachepera asanu ndi limodzi pakati. Mlingo umenewu ndi wokwanira kupha munthu ngati maselo atsopanowo sabwera. Ndicho chifukwa chake cheza sichiyatsidwa mpaka zitatsimikizika kuti maselowo alipo.

Taganizirani mwana wa zaka zisanu ndi zitatu m'chipinda chimenecho. Amugoneka chammbali pafupi ndi khoma, mamita atatu kapena anayi kuchokera pa makina, kuti thupi lonse likwane m'cheza. Patsogolo pake aimika galasi la pulasitiki kuti khungu nalo lilandire gawo lake. Pachifuwa aika zitsulo zoumbidwa molingana ndi mapapo ake, pakuti mapapo ndiwo amavulala msanga, ndipo kutupa kwa mapapo kwatenga miyoyo ya odwala ambiri. Pakhosi ndi m'akakolo, pamene thupi ndi lowonda, ena amaikapo timatumba ta mpunga kuti mlingo ufanane. Kenaka aliyense atuluka, chitseko chitsekedwa, mwana atsala yekha osagwedezeka. Amangomva mawu anu pa sipika. Mawu amenewo akhale odekha.

Zipatala zina tsopano zimagwiritsa ntchito VMAT ndi tomotherapy, pamene wodwala amagona chagada pabedi, makina n'kumazungulira, kompyuta n'kumachepetsa cheza pa mapapo ndi impso. Ndi njira zabwino, koma kompyuta imawerengera zimene munthu waipatsa.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangopereka mankhwala okha. Kafukufuku wotchedwa FORUM, wofalitsidwa mu 2021, anayerekeza njira ziwirizi pa ana a zaka zinayi kupita m'tsogolo odwala khansa ya m'magazi ya mtundu wa ALL. Patatha zaka ziwiri, mwa ana 100 alionse olandira TBI, 91 anali moyo. Mwa olandira mankhwala okha anali 75.

Komabe mtengo wa TBI ndi waukulu: ng'ala m'maso, kupinimbira, vuto la chithokomiro, kusabereka, nthawi zina khansa ina patapita zaka. Makolo ayenera kumva zonsezi asanasaine, m'chilankhulo chimene amachimva, atakhala pansi, mosathamangitsidwa.

Odwala athu ofuna chithandizochi amatumizidwa kunja, ku India kapena ku South Africa. Akabwerera, amene adzawayeze maso, msinkhu ndi magazi chaka ndi chaka ndi inuyo. Muzifunsa kalata yosonyeza mlingo umene analandira, ndipo muziisunga mosamala.

Pempho langa ndi ili: yezani makina anu m'mawa uliwonse, nambala iliyonse aione mnzanu wachiwiri, ndipo mukakayika imitsani chithandizo, ngakhale wamkulu wanu akhale pachangu.

Ndikufunirani zabwino zonse pa ntchito yanu.