LIWIRO LA NJINGA NDI LIWIRO LA GALIMOTO

Mau awa ndi anu inu mafumu, nyakwawa ndi alimi nonse, makamaka inu a m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kuyambira ku Kande ndi ku Chintheche, kukwera ku Mpamba, kufikira abale athu a ku Usisya. Usiku uno tiyamba ndi funso. Pali anthu awiri. Wina apikisana ndi anzake pa galimoto yothamanga makilomita 300 pa ola limodzi. Wina apikisana pa njinga yopalasa ndi miyendo. Kodi mwa awiriwa ndani ali pafupi ndi manda?

Ndidziwa kuti ambiri mwayankha kale kuti ndi uyo wa galimoto. Galimoto ilira ngati bingu ndipo ikagwa iyaka moto, pamene njinga ndi chinthu cha pakhomo, chimene titumira mwana kukagula mchere. Koma tiyeni tione bwino, pakuti yankho lake likhudza ana athu amene ali kupikisana pa msewu wathu tsiku ndi tsiku, popanda mphotho ndiponso popanda wowayang'anira.

Za mpikisano wa magalimoto

N'zoona kuti mpikisano wa magalimoto unapha anthu ambiri. Pa 11 June 1955, ku Le Mans m'dziko la France, galimoto ya Pierre Levegh inauluka nigwera pakati pa anthu oonerera. Anafa anthu oposa 80 tsiku limodzi, pamodzi ndi woyendetsayo. Pa 1 May 1994 Ayrton Senna wa ku Brazil, katswiri wodziwika pa dziko lonse, anafa ku Imola m'dziko la Italy galimoto yake itagunda khoma. Dzulo lake mnzake Roland Ratzenberger anali atafa pa bwalo lomwelo.

Koma eni masewerawa anatolapo nzeru. Lero munthu wopikisana pa magalimoto a Formula One akhala m'kabokosi kolimba kwambiri, atamangidwa ndi malamba m'mapewa ndi m'chiuno. Avala chisoti cholimba ndi zovala zosagwira moto msanga, ndipo kuyambira 2018 pamwamba pa mutu wake pali chitsulo chomtchinga. Msewu wake ndi wa mumpanda. Simulowa mbuzi, simudutsa mwana, simubwera lole yochokera kutsogolo. M'makona muli zotchinga zochepetsa mphamvu ya kugunda, ndipo madotolo adikira pafupi.

Tsono onani chotsatira chake. Senna atafa, panapita zaka 20 popanda woyendetsa wina kufa pa mpikisano wa Formula One, kufikira Jules Bianchi amene anavulala ku Japan mu 2014 namwalira mu 2015. Mu 2020, ku Bahrain, galimoto ya Romain Grosjean inaduka pakati niyaka moto, koma mwini wake anatuluka m'malawiwo ali kuyenda yekha. Bala lake lalikulu linali kupsa kwa manja.

Za mpikisano wa njinga

Nanga wa njinga? Iye avala kamalaya kopyapyala ndi kabudula. Mpikisano wake suchitika mumpanda ai, koma pa misewu ya m'mapiri, yaitali makilomita 150 kapena 200, imene munthu sangathe kuitchinga yonse. Opikisana achuluka kuposa 150, ali kuyenda mothinana ngati usipa, kotero kuti akagwa mmodzi, khumi amgwera pamwamba. Pamtsetse afika makilomita 90 pa ola, pa matayala osaposa zala ziwiri m'lifupi mwake.

Mu July 1995, pa mpikisano waukulu wa Tour de France, Fabio Casartelli wa ku Italy anagwa potsika phiri namenyetsa mutu. Analibe chisoti, ndipo anafa tsiku lomwelo ali ndi zaka 24. Mu March 2003 Andrey Kivilev wa ku Kazakhstan anafanso ndi bala la m'mutu, nayenso wopanda chisoti. Pamenepo akuluakulu a masewerawa anaika lamulo lakuti aliyense azivala chisoti. Lamulolo lapulumutsa ambiri, koma silinatseke manda. Wouter Weylandt anafa pamtsetse ku Italy mu 2011. Gino Mäder anagwera kuphompho ku Switzerland mu 2023. Mu 2024 mtsikana wa zaka 18, Muriel Furrer, anafa atagwa pa mpikisano wa dziko lonse ku Zurich.

Tisaweruze mlandu uwu ndi mawerengero okha, pakuti opikisana pa njinga ndi ochuluka koposa a Formula One, ndipo pa mipikisano ina ya magalimoto anthu akali kufabe. Koma mfundo yake ndi iyi: galimoto ikagunda, chiyamba kupweteka ndi chitsulo, njinga ikagwa, chiyamba kupweteka ndi khungu ndi fupa la munthu.

Sindinena kuti masewera a njinga ndi oipa. Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana masiku atatu pa Tour de France ya 2024, ndipo mu September 2025 mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku Kigali m'dziko la Rwanda, kwa nthawi yoyamba mu Africa. Ndi masewera a ulemu. Chimene ndinena ndi chakuti ngati akatswiri oterewa afa, amene apolisi awatsekera msewu, amene njinga zao ziyesedwa m'mawa uliwonse, ndipo galimoto ya dotolo iwatsata pambuyo, nanga mwana wa kwathu kuno adzalimba ndi chiyani?

Pa msewu wathu

Inu mudziwa mipikisano imene ndili kunena, ngakhale ilibe dzina. Minibasi ikaima pa Kande kapena pa Chintheche, anyamata a kabaza athamangitsana kuti apeze wokwera. Ogula nsomba akachoka kudooko m'mamawa, aliyense afuna kufika pamsika asanafike mnzake. Ana a sukulu akaweruka, ayesana pamtsetse, wina atanyamula mnzake pakaliyala. Ndipo pali mnyamata uja wosalola kuti wina ampitirire, chifukwa atsikana ali kuyang'ana.

Onsewa athamangira pa msewu wa M5, umene suli wotsekedwa. Ndiwo msewu wa mabasi, wa malole a shuga ochokera ku Dwangwa ndi magalimoto a mafuta. Malo ena phula linadyeka m'mbali, ndipo mlatho ndi wopapatiza. Pamenepo pomwe padutsa mbuzi, agalu ndi ana opita kunyanja. Njinga yake ili ndi dengu la usipa kapena thumba la makaka la makilogalamu 50 pambuyo. Mabuleki anatha kale, ndipo mwini wake aimitsa njinga poponda tayala ndi patapata. Usiku alibe nyali.

Kumbukiraninso kuti boma lathu ndi limodzi mwa maboma a mvula yambiri m'Malawi. Mkombero wa njinga ukanyowa, mabuleki aterereka nagwira mochedwa. Mzuzu ali pamwamba pa nyanja yathu ndi mamita oposa 700, ndipo msewu wotsika kudzera ku Mpamba uli ndi makona ambiri. Msewu ukakhala wosalala, njinga ithamanganso koposa. Phula labwino silifewa pogwera. Inu a ku Usisya mudziwa mtsetse wanu, umene ngakhale madalaivala okalamba autsika mtima uli m'mwamba, ndipo mudziwa kutalika kwa ulendo wa munthu wovulala kuti akafike ku chipatala chachikulu, kaya pa boti kaya pokwera phirilo.

Mwina wina anena kuti, “Njinga yanga sifika liwiro la azungu aja.” Mverani izi. Kugunda mtengo pa liwiro la makilomita 30 pa ola kulingana ndi kugwa kuchokera pamwamba pa denga la nyumba, mamita atatu ndi theka. Pa makilomita 50 pa ola, liwiro limene njinga yolemedwa ifika mosavuta pamtsetse wautali, kulingana ndi kugwa kuchokera mu mtengo wa mamita 10. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugunda iwirikiza kanayi, ndipo mtunda woti muimire uwirikizanso kanayi. Kodi alipo bambo amene angalole mwana wake kudumpha kuchokera pansonga pa mtengo wa mango? Koma mwana yemweyo akadutsa ngati mphepo pa njinga, tiseka ndi kunena kuti ndi mwamuna.

Tsono masiku ano kunabwera njinga zamoto, ndipo izi zatenga zoipa za mbali zonse ziwiri. Liwiro ndi la galimoto, koma thupi lili pamtunda monga la wa njinga yopalasa. Pa njinga imodzi pakwera anthu atatu kapena anayi, khanda lili kumsana, chisoti chili chimodzi kapena palibe. Anyamata awiri otere akayamba kupikisana, sakubetcha moyo wao okha ai, koma wa onse amene awanyamula.

Mtengo wake kwa mlimi

Tiyerekeze kuti mnyamata wagwa mwezi wa November, ndipo Mulungu wamchitira chifundo, wangothyoka mkono. Fupa lifuna masabata 6 kapena kuposa kuti ligwirane. Mvula siidikira. Mizere ya chinangwa siinaundidwe, dambo la mpunga silinalimidwe, bwato lagona pamchenga. Mai ake kapena mkazi wake asiya munda nakadikirira odwala ku chipatala cha Chintheche kapena cha Nkhata Bay, ndipo bala likakula awatumiza ku Mzuzu. Mbuzi igulitsidwa, mwina ndi ukonde womwe. Khasu limodzi lagwa, koma makasu atatu aima. Zonsezi chifukwa chofuna kutsogola ndi mphindi ziwiri. Akulu anati fulumira anadya gaga.

Ndiponso chenjerani ndi bala la m'mutu, chifukwa limabisala. Munthu akhoza kudzuka, kukutumula fumbi, kuseka ndi anzake, koma magazi ali kutuluka pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza, nafa usiku womwewo. Ngati wogwayo anakomoka ngakhale kanthawi kochepa, ngati asanza, asinza kosalekeza, alankhula zosokonekera, kapena m'khutu ndi m'mphuno mutuluka magazi kapena madzi, musamgoneke kunyumba kuti muone m'mawa. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ngati adandaula khosi kapena msana, musamnyamule manja ndi miyendo ngati thumba. Mgonekeni pa chitseko, wina atagwira mutu kuti usagwedezeke.

Zimene mafumu angachite

Apolisi sangaime pa kona iliyonse kuyambira ku Kande kufikira ku Mpamba. Koma mnyamata aliyense ali ndi mudzi, ndipo mudzi uliwonse uli ndi mwini. Chifukwa chake ndipempha inu mafumu ndi nyakwawa zinthu izi.

Choyamba, itanani msonkhano ndi kunena poyera kuti kupikisana pa msewu waukulu sikuloledwa, kaya pa njinga yopalasa kaya yamoto. Wosamvera aitanidwe kubwalo pamodzi ndi makolo ake kapena mwini njingayo, ngozi isanachitike.

Chachiwiri, khalani pansi ndi akuluakulu a kabaza a pa siteji yanu, kuti anyamata azinyamula anthu motsatana mzere. Pamene pali mzere palibe chothamangira.

Chachitatu, inu eni njinga, yesani mabuleki onse awiri, a kutsogolo ndi a kumbuyo, musanapereke njinga kwa mwana kapena waganyu. Mphira wa mabuleki ndi wotsika mtengo koposa matabwa a bokosi. Mangani nyali, ndipo yendani kumanzere.

Chachinayi, phunzitsani ana kuti kutsika pa njinga ndi kuikankha pamtsetse woopsa si mantha. Njinga yolemedwa sikwereka pamtsetse mvula ikugwa.

Chachisanu, inu okwera, makamaka amai, pakamwa ndi panu ndipo ndalama ndi yanu. Woyendetsa akayamba kuthamangitsana ndi mnzake, muuzeni aime, mutsike. Pa njinga yamoto funsani chisoti, ndipo mangani lamba wake pachibwano, pakuti chisoti chosamanga chiuluka mutu usanafike pansi.

Chotsiriza, musangoletsa. Magazi a unyamata afuna poyesera mphamvu, ndipo mwina pakati pa ana athu pali Girmay wa mawa. Ngati afuna mpikisano, akonzereni weniweni. Dziwitsani apolisi masiku akadalipo. Sankhani njira yosadutsa magalimoto ndi yopanda mtsetse woopsa. Ikani akuluakulu ndi mbendera zofiira pamphambano ndi m'makona. Njinga iliyonse iyesedwe, pasakhale katundu, pasakhale mowa, aliyense avale chisoti, ndipo galimoto idikire pafupi pamodzi ndi wa zachipatala. Wopambana alandire mphotho yake pamaso pa mudzi wonse. Pamenepo mwachita chimene anachita a magalimoto aja: simunaphe masewera, koma mwawamangira mpanda.

Tibwerere ku funso lathu. Ndani ali pafupi ndi manda, wa galimoto kapena wa njinga? Pali wachitatu amene awaposa onse awiri. Ndiye mnyamata wa m'mudzi mwanu, amene mawa m'mamawa adzatsika mtsetse ndi dengu pambuyo, mutu uli pamtunda, ali kucheukira mnzake m'malo moyang'ana kutsogolo. Dzina lake mulidziwa, ndi nyumba ya amai ake muidziwa. Lankhulani naye asanakwere. Kuthamanga sikufika.