MPHEKESERA ZA UTSOGOLERI NDI MALIRE A MADERA: VOTI YATHU ILI PATI?



Lero tikambirana nkhani ziwiri. Yoyamba imamveka paliponse, pamsika, pamaliro ngakhale pachigayo: kodi chipani chakuti adzachitsogolera ndani? Yachiwiri imayenda mwakachetechete: kudula malire a madera a aphungu. Ife tikuti yachiwiriyi ndiyo imakhudza kwambiri mphamvu ya voti yathu, choncho tisalole kuti phokoso la yoyamba litiiwalitse.

1. MPHEKESERA ZA UTSOGOLERI

Chipani chikagonja pa chisankho, mphekesera zimabuka. Pa chisankho cha pa 16 September 2025 a Peter Mutharika a DPP adapambana a Lazarus Chakwera a MCP, ndipo anthu adayamba kunong'onezana za amene adzatsogolere MCP m'tsogolo. Nkhaniyi idatikhudza ife kuno chifukwa a Chakwera kwawo ndi ku Malembo, ndiponso adakhalapo phungu wa dera la Lilongwe North West kuyambira mu 2014 mpaka mu 2020.

Koma zotere si zachilendo, ndipo palibe chipani chimene zidachilambalala. A Kamuzu Banda atamwalira mu 1997, a Gwanda Chakuamba ndi a John Tembo adalimbirana MCP kwa zaka zingapo, mpaka a Chakuamba adachoka nakayambitsa Republican Party. Ku UDF, a Bakili Muluzi atasankha a Bingu wa Mutharika mu 2003, akulu-akulu ena adatuluka m'chipani, ndipo mu 2005 a Bingu omwewo adachokamo n'kuyambitsa DPP. DPP itagonja mu 2020, ambiri ankati a Peter Mutharika apuma. Mayina ambiri adatchulidwa, ena adachotsedwa m'chipani, koma pa msonkhano waukulu wa mu 2024 nthumwi zidavomereza a Mutharika omwewo.

Tikuphunzirapo chiyani? Mtsogoleri wa chipani sasankhidwa ndi mphekesera. Amasankhidwa ndi nthumwi pa msonkhano waukulu wa chipanicho, motsata malamulo ake. Ngakhale a Chakwera, mu 2013 adalowa m'malo mwa a Tembo kudzera pa msonkhano wotere. Ngati ndife mamembala a chipani, ufulu wathu ndi kufunsa kuti msonkhano udzachitika liti, ndipo nthumwi zathu zasankhidwa bwanji. Ngati sitili mamembala, tidzaweruza pa tsiku la chisankho. Palibe chifukwa choti Mphakati ugawikane, kapena apabanja aleke kulankhulana, pa nkhani imene eni ake sadagamule.

2. KODI MALIRE AMADULA NDANI?

Gawo 76 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino limapereka ntchito imeneyi kwa Bungwe Loyendetsa Chisankho, la MEC. Lamulo likuti bungweli lidule malire mosakondera, kuti madera onse akhale ndi anthu oyenera kuvota ofanana chiwerengero, kapena oyandikira kufanana. Pochita izi liyenera kuganizira zinthu zitatu: kuthithikana kwa anthu, kuphweka kwa mayendedwe ndi kulumikizana, ndiponso mapiri, mitsinje ndi malire a maboma ndi a mafumu. Likamaliza, Nyumba ya Malamulo imavomereza, koma aphungu alibe mphamvu yosuntha malirewo paokha. Lamulo lidatero podziwa kuti munthu sadziweruza yekha mlandu.

3. CHIFUKWA CHIYANI MALIRE ALI OFUNIKA?

Tiyerekeze madera awiri. Lina lili ndi ovota 20,000, lina lili ndi ovota 80,000. Dera lililonse limatumiza phungu mmodzi, ndipo ku Nyumba ya Malamulo phungu aliyense ali ndi voti imodzi. Ndiye kuti munthu mmodzi wa m'dera laling'ono lija ali ndi mphamvu yofanana ndi ya anthu anayi a m'dera lalikulu. Palibe amene waba bokosi, palibe amene wafufuta nambala, komabe chilungamo chapotoka.

Ndalama za chitukuko cha m'madera, za CDF, zimene zidayamba mu 2006, zidakhalanso zikuperekedwa mofanana pa dera lililonse. Anthu akachuluka m'dera limodzi, mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu zimawachepera.

Malire angathenso kudulidwa mwachinyengo. Midzi imene imakonda munthu wina ikhoza kugawidwa pawiri kuti mavoti ake amwazike, kapena kukankhidwira ku dera lina kuti wina asakhale ndi wopikisana naye. Apa ndi pamene nkhani ziwirizi zimakumana. Wofuna utsogoleri wa chipani amafuna dera limene sangagonjeko, ndiponso aphungu ambiri omutsata. Choncho andale amayang'anitsitsa mapu pamene ife tikumvetsera mphekesera.

4. MMENE ZAYENDERA M'DZIKO MUNO

Pa chisankho choyamba cha matipate mu 1994 madera adali 177. Pokonzekera chisankho cha 1999, bungwe la chisankho lidaganiza zoonjezera madera 70, ambiri a iwo ku Chigawo cha Kumwera. Zipani zotsutsa zidadandaula kuti pali kukondera, ndipo mapeto ake madera adangoonjezeredwa 16, kukhala 193. Taonani kuti kulankhula kumathandiza.

Kuchokera pamenepo madera adakhala 193 kwa zaka zoposa 20, pamene anthu ankachulukira-chulukira. Kalembera wa 1998 adapeza anthu pafupi-fupi 10 miliyoni, wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni. Boma la Lilongwe lokha, osawerengera mzinda, lidali ndi anthu oposa 1.6 miliyoni. Madera athu monga Mapuyu North, Mapuyu South, Kumachenga ndi North West adakhala ndi malire omwe aja, ngakhale midzi idakula ndipo misika ya Nsaru ndi Mpingu idadzaza.

Mu 2021 bungwe la MEC, motsogozedwa ndi Justice Chifundo Kachale, lidayamba kuunikanso malire. Lidachititsa misonkhano m'maboma kuti limve maganizo, ndipo mu 2022 Nyumba ya Malamulo idavomereza. Madera a aphungu adakwera kufika pa 229, ndipo mawodi a makhansala adachoka pa 462 kufika pa 509. Malire atsopanowa ndiwo tidavotera mu 2025, pamene tidamva mayina atsopano monga Lilongwe Chilobwe ndi Lilongwe Demera. Tidziwenso kuti phungu aliyense woonjezera amafuna malipiro ochokera ku misonkho yathu. Tsono tiyenera kuona phindu lake.

5. TICHITE CHIYANI?

Choyamba, aliyense adziwe dzina la dera lake, wodi yake, phungu wake ndi khansala wake. Amene tili m'mphepete, monga ku Nambuma kumalire ndi Dowa kapena ku Namitete kumalire ndi Mchinji, tifunse bwino kuti tisamapereke madandaulo athu pakhomo lolakwika.

Chachiwiri, tiyambe lero kusunga zimene tikuona. Kodi malire atsopano adagawa mudzi wa nyakwawa imodzi? Kodi pali mtsinje umene ukadzaza m'dzinja umatilekanitsa ndi anzathu a dera lomwelo? Tilembe, tiuze mafumu ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC. Malire adzaunikidwanso, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chachitatu, tisayiwale kuti gawo 64, limene linkatipatsa mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, lidachotsedwa mu 1995. Phungu tikamusankha, tamusankha kwa zaka zisanu. Tiziwaitana aphungu ndi makhansala kuti atiuze zimene achita, posayang'ana mtundu wa nsalu ya chipani.

Chachinayi, tikamva mphekesera tifunse kuti wanena ndani, ndipo apindula nazo ndani. Wina akabwera ndi ndalama kuti timuimbire nyimbo, tikumbuke kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna kukopa mavoti.

Abale ndi alongo, kalata ya Maepiskopi athu ya mu March 1992 ndi riferendamu ya pa 14 June 1993 zidatitsekulira pakamwa. Atsogoleri a zipani amabwera n'kupita, koma mudzi wathu uli pomwepo, ndipo mzere umene wajambulidwa pamapu umakhala zaka zambiri. Tiuyang'anire.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Kodi mudzi wathu uli m'dera liti ndi wodi iti? Zidasintha mu 2025?
2. Kodi malire atsopano atifupikitsa kapena atitalikitsa ndi phungu wathu?
3. Mphekesera za ndale zikalowa mu Mphakati wathu, tingachite chiyani kuti tisagawikane?