Loya Wodziwa Kuyanjanitsa

Kwathu kumudzi banja likagwedezeka sitithamangira kwa mfumu, koma tiyamba taitana ankhoswe. Nkhoswe yabwino idziwa kulankhula pabwalo, komabe nchito yace yaikuru ndiyo kukhazika anthu pansi kuti nkhani ithere m'nyumba. Munthu wofuna loya ayenera kufuna wa mtundu womwewo.

Kuyambira caka ca 1997 malamulo a High Court muno m'Zambia alola woweruza kutumiza mlandu wa ndalama kapena wa pangano kwa mkhalapakati usanazengedwe. Zonenedwa kumeneko nzacinsinsi. Mukalephera kumvana, mlandu ubwerera kwa woweruza, ndipo mau anu aja sasanduka umboni. Koma mukamvana ndi kusaina, panganolo nkulembedwa m'khoti, likhala ndi mphamvu ya ciweruzo, ndipo palibenso apilo. Mau amenewa muwasunge.

Tiyerekeze kuti inu ndi mlamu wanu munagula lole pamodzi yonyamula cimanga pa mseu wa ku Chipata, ndipo tsopano mwayambana pa za phindu. Loya wodziwa ndeu yokha adzakulimbitsani mtima. Mlandu udzangoimitsidwa mwezi ndi mwezi, ndalama zirikutha, lole iri ciimire matayala ataphwa, ndipo mlongo wanu ali pakati kusowa kolowera. Ngakhale mutapambana, pa maliro mudzakhala motani ndi mlamuyo?

Musaganize tsono kuti loya wofatsa cabe ndiye wabwino. Iai. Amene sanazolowere kuima pamaso pa woweruza, a mbali inayo amzindikira msanga kuti aopa bwalo, ndipo adzakuponyerani nyenyeswa. Iye adzati landirani, inu nkusaina cinthu cimene simungacibwezenso. Koma amene wazenga milandu yambiri adziwa pamene umboni wanu uli wolimba ndi pamene uli wofooka. Akati, "Izi landirani, kwa woweruza simukapeza zoposa," anena cimene adziwa. Akati, "Tiyeni tibwerere kukhoti," anzanuwo amva kuti sacita nthabwala.

Cifukwa cace musacite manyazi kumfunsa loya musanamlipire: milandu ingati waizenga mpaka ciweruzo, ndipo ingati waithetsa pokambirana? Inu a kumidzi, kumbukirani kuti zimenezi nza makhoti akuru. Ku Local Court, pa milandu ya mwambo, loya saloledwa kukuimirani. Tsalani bwino.