Simba, Galu Wanga wa Mtundu



Pamene Mlembi adandilembera kalata yondipempha kuti ndidzayankhule pa msonkhano wa chaka chino, ndikhulupirira ankayembekeza kuti ndidzanena za penshoni kapena za denga la hositelo lija likudonthali. Nditamuyankha kuti ndidzayankhula za galu, adandiimbira foni kufunsa ngati ndili bwinobwino. Ndili bwino ndithu. Mungondipirira pang'ono, pajatu galu wamkota sakandira pachabe.

Amene tidali pano m'zaka za m'ma 1970 tikukumbukira galu wa alonda uja, wofiirira, wamchira wopindika, yemwe ankagona kuseri kwa khitchini. Tidamupeza tikuyamba Fomu 1, tidamusiya titalemba mayeso a Fomu 4, ndipo mng'ono wanga adadzamupezanso. Ankadya mikute ndi mafupa, ndipo palibe adafunsapo kuti bambo wake ndani. Ine ndinkamuyesa galu wachabechabe, kotero ndidalumbira kuti ndikadzakhala pa nyumba yanga ndidzaweta galu wa mtundu.

Ndidachedwa, koma ndidakwaniritsa. M'chaka cha 2009, akuba atatithyolera nyumba kawiri ku Lilongwe, ndidagula kamwana ka German Shepherd, agalu aja ambirife timangoti agalu a polisi. Mtengo wake mayi a kunyumba sindidawauze mpaka lero, ndipo poti ali muno sinditchula. Tidamutcha Simba. Ndidamugulira ulonda, koma adasanduka mnzanga. Ankazindikira kulira kwa galimoto yanga ndisadakhote n'komwe kulowa mu msewu wathu. Adzukulu ankamukoka makutu iye osadandaula. Nthawi ina nditagona masabata atatu ndi matenda, adasiya malo ake a pa geti nakagona pansi pa zenera la kuchipinda kwanga kufikira nditadzuka.

Ali ndi zaka 8, tsiku lina m'mawa ndidamva zikhadabo zake zikukhula simenti ya pa khonde, kwee, kwee. Nditayang'anitsitsa ndidaona kuti akukoka phazi la kumbuyo, ndipo zikhadabo za phazilo zaperepeseka. Patapita miyezi iwiri adayamba kudzandira ngati munthu wochokera ku mowa. Chodabwitsa n'chakuti sankamva ululu. Ankadya bwino, maso ali gwa, mchira akugwedeza. Dokotala wa ziweto atamuyeza adati zizindikiro zonse zikuloza ku matenda otchedwa degenerative myelopathy, pamene mitsempha ya mu msana imafa pang'onopang'ono kuyambira kumbuyo, ndipo adandiuza mosabisa kuti mankhwala ake palibe. Madzulo alionse ndinkamukulunga chitenje pa mimba n'kumunyamula chakumbuyo kuti ayendeko ndi miyendo ya kutsogolo. Chaka chisadathe adalephereratu kudzuka, nayamba kudziyipitsira pogona. Mu 2018 ndidavomera kuti amubaye jakisoni womugonetsa osadzukanso. Mutu wake udali pa miyendo panga. Tidamuika pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndidalira, ine bambo wa imvi. Mnansi wanga pofuna kunditonthoza adati galu ndi galu, ndigule wina.

Sindidagule wina. Ndidayamba kuwerenga, ndipo zimene ndidapeza zidandibwezera m'kalasi la Biology, kwa Gregor Mendel ndi nsawawa zake zimene tinkaloweza pongofuna kukhoza mayeso. Mukumbukira kuti pali timbewu ta chibadwa tina tobisala, timene sitionekera pokhapokha mwana atatilandira kuchokera kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Mu 2009 akatswiri a ku America adapeza kuti agalu ambiri odwala matenda a Simbawa amakhala atalandira kambewu kolakwika, kotchedwa SOD1, kuchokera ku mbali zonse ziwiri. Si onse otere amene amadwala, koma ngozi ili pa iwowo. Tsono n'chifukwa chiyani timbewu totere timakumana kawirikawiri mwa agalu a mtundu?

Yankho lili m'mbiri yawo. Mtundu wa German Shepherd udayambitsidwa mu 1899 ndi msilikali wa ku Germany, Max von Stephanitz, amene adagula galu mmodzi namutcha Horand von Grafrath. Pofuna kuti maonekedwe ndi nzeru za Horand zisatayike, ana ndi adzukulu ake ankawakweretsa okhaokha, mundikhululukire mawuwa. Mitundu ina yambiri idapangidwa motero: agalu ochepa, buku la kaundula, kenaka chitseko n'kutseka kuti magazi a kunja asalowe. Chabwino chimasungika, choipa nacho chimasungika. Mlimi wa mbuzi kumudzi amadziwa izi popanda buku, n'chifukwa chake amasinthana tonde ndi mnzake wa tsidya lina.

Mtundu ulionse uli ndi mtanda wake. Rhodesian Ridgeback, amene malamulo a maonekedwe ake adalembedwa ku Bulawayo mu 1922, amanyadiridwa chifukwa cha mzere wa ubweya wotembenuka pa msana, koma chimene chimabweretsa mzerewo chimayenderanso limodzi ndi kabowo kobadwa nako kamene kamatha kulowa mpaka ku msana n'kuchita mafinya. Bulldog wa ku England adamukulitsa mutu ndi kumufupikitsa mphuno mpaka amapuma movutikira, ndipo ambiri a iwo amabadwa pochita opaleshoni. Mu 2008 wailesi ya kanema ya BBC idaonetsa pulogalamu ya Pedigree Dogs Exposed, momwe mudali ma German Shepherd a pa chionetsero oyenda mopepesuka chifukwa chowatsetsereketsa msana dala. Chaka chotsatira bungwe la Kennel Club la ku Britain lidasiya kulembetsa tiagalu tobadwa kwa bambo ndi mwana wake, mayi ndi mwana wake, kapena galu ndi mlongo wake. Mu 2023 khoti lalikulu la ku Norway lidaletsa kubereketsa agalu a Cavalier King Charles Spaniel chifukwa cha kuchuluka kwa matenda obadwa nawo.

Tsopano ndifike pamene pakundivuta. Simba ali ndi zaka 3 ndidamupezera mkazi, ndipo mwa ana awo ndidasungako wamkazi mmodzi. Mwanayo atakula ndidamukweretsa ndi Simba yemweyo, bambo wake, poganiza kuti ndikusunga magazi abwino. Chimene a ku Britain adali ataletsa kale, ine ndinkachita kuseri kwa nyumba yanga ndi mtima wonyada. Kudabadwa tiagalu 7 tokongola, ndipo tonse tidagulidwa sabata imodzi. Awiri mwa iwo chaka chisadakwane ankathamanga modumpha ngati kalulu. Adapezeka ndi vuto la m'chiuno, lija mutu wa fupa la ntchafu sukhazikika bwino m'kabowo kake, n'kumakhulana mpaka kuyambitsa nyamakazi. Vutoli nalo limayenda m'magazi, ngakhale kunenepetsa kamwana msanga kumalikulitsa. Pa nthawiyo ndidaimba mlandu eni ake kuti sadziwa kudyetsa agalu.

Musandimve ngati ndikuti galu wa kumudzi sadwala. Chiwewe, nkhupakupa ndi matenda otsegula m'mimba a tiagalu sizifunsa mtundu, ndipo katemera amafunika kwa galu aliyense. Sindikutinso musagule galu wa mtundu. Koma mukapita kukagula, musakhutire ndi kamwana kali m'katoni pa msika. Kaoneni mayi ndi bambo ake akuyenda, funsani ngati ali pa chibale, funsani kuti agogo awo adafa ndi chiyani ndipo ali ndi zaka zingati. Wogulitsa akayamba kuzungulira, bwezani ndalama m'thumba.

Mmodzi wa amene adagula tiagalu tiwiri tija ndi mnzathu wa kalasi imodzi, ndipo wakhala muno cha kumbuyoko. Galu wake adamubayitsa jakisoni ali ndi zaka 4, ana ake akulira. Sadandifunsepo kanthu, nanenso sindidayambepo nkhaniyi. Achimwene, tikatuluka kukadya nkhomaliro mundidikire pa khomo, ndabwera ndi envulopu yanu.